Ukampeze Pampata

Gulu: Kwathu ku Chifunga
Gerishon, Loveness

LACHINAYI

Gerishon 15:52
tonse tili pakhonde. abambo ndi tiyi wawo, amayi akusenda nandolo. tumiza zithunzi zija, network lero ili bho

Loveness 15:53
dikirani achimwene, basi yangotitsitsa kumene. kuno 7 koloko ya mmawa sinakwane, kukuzizira ngati ku Tsangano

Loveness 15:59
[chithunzi]
Grand Canyon imeneyo. pano akuti pa Mather Point, malo oyamba oonerapo

Gerishon 16:01
eish

Gerishon 16:02
abambo avala magalasi. akufunsa kuti anakumba ndani

Loveness 16:02
kkkk auzeni madzi. pansi penipeni pali mtsinje, Colorado. kuuona uli pano ungati ulusi

Gerishon 16:04
amayi akuti ubwerere mmbuyo, waima pafupi ndi phompho. akuti ku America unapitira unesi, osati kukasuzumira mmaenje

Loveness 16:04
pali zitsulo zotchinga mayi! sindigwa

Gerishon 16:07
[mawu a abambo, 0:24]
Loveness mwana wanga, wadzuka bwanji kumeneko? Ife tili bwino, bondo lokha ili. Malowo ndawaona, Mulungu anachita kukhalira pansi popanga. Koma tandiuze, kodi pansipo pamakhala anthu? Amalima chiyani?

Loveness 16:08
ndadzuka bwino abambo. funso lanu ndiliyankha ndikafika kutsogoloku, malo oonerapo ndi ambiri, aliwonse ndi dzina lake ndi chikwangwani chake

Loveness 16:21
[chithunzi]
Yavapai Point. apa akuonetsa miyala mmene inasanjikizirana, yofiira, yotuwa, yakuda pansi. kuya kwake akuti kupitirira kilomita imodzi ndi theka

Gerishon 16:22
mbuzi ikagweramo ndiye kungoyamba kudya ndiwo zamasamba basi

Loveness 16:22
inu 😂

Loveness 16:44
[chithunzi]
abambo onani kadontho kobiriwira pakatipo. pali kasupe. kale pankakhala anthu a mtundu wa Havasupai, ankalima chimanga, nyemba ndi maungu ngati ife. malowa atasanduka paki ya boma mu 1919 anayamba kuwasamutsa, womaliza anachoka mu 1928. posachedwapa ndi pomwe malowo awatcha dzina la eni ake, Havasupai Gardens

Gerishon 16:47
abambo akufunsa kuti womalizayo pochoka analipo womuperekeza?

Loveness 16:48
chikwangwani sichinanene zimenezo

Gerishon 16:50
kwabuka mkangano. canyon pa chichewa ndi chani? ine ndati chigwa, amayi akuti chigwembe

Loveness 16:51
nonse zero. ndi mpata. ngati ku Mpatamanga kuja, koma kuchulukitsa ka 1000

Loveness 16:52
ngakhale ine Mpatamanga ndimangomuona pa zithunzi. std 7 kalasi yonse inapita, ine ndekha abambo anandikaniza, ndinalira sabata yonse

Loveness 16:52
koma palibe mlandu. abambo, ndikapeza mpata ndidzakutengani mudzaone nokha kuno ❤️

Loveness 16:58
mwawawerengera?

Loveness 17:03
achimwene?

Gerishon 17:05
ndawerenga mokweza. adzuka alowa mnyumba. tiyi amusiya

Loveness 17:05
ndalakwa chani? za std 7 zija ndimangocheza

Gerishon 17:06
kaya. amayi akuti tiwasiye

Gerishon 17:09
abambo akutsegula sutikesi yachitsulo ija

Loveness 17:09
ya nsapato zakuda? zija sitinkaloledwa kuzigwira?

Gerishon 17:10
yomweyo. atuluka nazo. akuti ndigwire foni alankhule

Gerishon 17:16
[mawu a abambo, 1:38]
Loveness, usadandaule, sunalakwe. Ndi mawu chabe andikumbutsa. Inu ana mumadziwa kuti ndinali ndi mkulu wanga Laimoni, bambo ake a Constance, ndipo mumadziwa kuti anasowa. Chimene simudziwa n'chakuti anasowa akundidikira ine. Chinali chaka cha 1972, mwezi ngati uno, nandolo atauma. Chipani chinali chimodzi. Munthu wopanda khadi la chipani sankalowa mumsika, sankakwera basi, pena ndi pachitsime pomwe ankamubweza. Laimoni anali wa Mboni za Yehova, ndipo iwo ankakana kugula khadi. Ine ndinali nalo. Ndinali mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, wamantha ngati nkhuku. Atamuwotchera nyumba anathawa wopanda nsapato, naponda chitsa phazi n'kutupa. Anakabisala m'khumbi la kudimba kwathu. Nsapato zake, izi ndagwirazi, zinatsala kwa amayi athu.

Gerishon 17:22
[mawu a abambo, 1:52]
Lolemba lina ndinapita kuchigayo. Ndinapeza mlamu wanga Yunike, mkazi wa Laimoni, ali pamzere, Constance ali kumsana, kamwana ka miyezi isanu ndi umodzi. Masiku amenewo makutu anali paliponse, ndiye nkhani zoopsa tinkanenera pachigayo, pafupi ndi injini, kuti phokoso litiphimbe. Yunike anawerama ngati akumanga thumba, nandinong'oneza. Ine ndinamva kuti, "Akuti ukapeza mpata, nsapato." Ndinagwedeza mutu. Mumtima ndinati chabwino, ndikapeza mpata ndimupititsira nsapato kudimba. Koma mpatawo sunapezeke msanga. Anyamata a chipani ankakhala pamphambano yathu tsiku lonse, akudya nzimbe, akuyang'ana yense wodutsa. Lachiwiri ndinakhala. Lachitatu ndinakhala. Lachinayi anapita kumsonkhano, ine n'kuthamangira kudimba. M'khumbimo munalibe munthu.

Loveness 17:24
ndikumva abambo. ndakhala pansi

Gerishon 17:31
[mawu a abambo, 2:20]
Ndinapita kwa Yunike. Anandiyang'ana nati, "Mlamu, kudimba mumakatani? Ine ndinati ukampeze pampata." Ukampeze pampata. Ukapeza mpata. Tayesani inu nokha kunena mawu awiriwo motsitsa, chigayo chikulira. Pampata ndi malo amene ine ndi Laimoni tinkawadziwa ku Mpatamanga, pomwe Shire amapanikizika pakati pa miyala. Tinkakawedzako tikapita kwa amalume. Kudimba kuja wina anamuona, ndiye anadzikoka ndi phazi lakelo mpaka kumeneko. Ankafuna ndimubweretsere nsapato, ndimuperekeze kumalire a Mozambique, poti ine wa khadi ndikanatha kumatsogola n'kumaona njira. Ndinakwera njinga. Ndinafika Lachisanu dzuwa likutuluka. Ndinapeza phulusa lozizira, makoko a chinangwa, ndi pamwala atakanda ndi mwala unzake: ZEFA. Ndimo mmene ankandiitanira, dzina langa la Zefaniya ankati ndi lalitali. Pansi pa dzinalo panali timizere titatu. Masiku atatu. Ndinakuwa dzina lake mpaka mawu anatha. Miyala yokha ndiyo inkandiyankha. Kaya anaterereka, kaya anamugwira panjira, kaya anafika kumalire n'kukafera kutsidya, sindidziwa, ana anga. Mpaka lero.

Loveness 17:35
mayo ine

Loveness 17:36
ndiye chifukwa chake sisi Constance sabwera kwathu? ine ndimaganiza ndi za mpingo

Gerishon 17:37
nanenso. ndikawagula manachesi pa Lisungwi amandipatsa moni ine, koma za abambo safunsa

Gerishon 17:43
[mawu a abambo, 1:29]
Ndinabwerera kumudzi nsapato zili zomanga pa keriyala. Anthu anaona. Pofika Lamulungu mudzi wonse unali utagamula kale: Zefaniya wa khadi wagulitsa mbale wake, wabwera ndi nsapato zake. Ndikanati ndinene zoona, ndikanatchula Yunike kuti ndiye ananyamula uthenga, iye akanatengedwa, khanda likanatsala ndi yani? Zinthu zitasintha, mwana anali atakula. Ndinati ndikanena tsopano, akafunsa mayi ake kuti, "Kodi inu munanena bwanji?" Yunike ankangomuuza kuti, "Bambo ako aang'ono sanapite." Ndipo sanname. Sindinapite. Chaka chathachi tamuika Yunike, ine ndinakhala kumbuyo kwenikweni pamaliro. Basi, nkhani ndi imeneyo. Loveness, pitiriza kuona malo ako.

Loveness 17:45
achimwene, sisi Connie akuyenera kumva izi

Gerishon 17:46
ndikudziwa. koma nthawi yatha. akusamukira ku Mzuzu kwa mwana wawo, anyamuka Lamulungu. katundu wina wapita kale

Loveness 17:46
Lamulungu LINO?

Gerishon 17:46
lino

Loveness 17:47
ndiye atumizireni ma voice amenewa pompano

Gerishon 17:49
ndafunsa abambo. akana. akuti wogona sayankha, zioneka ngati akumutulira malemu katundu pamutu

Loveness 17:51
[mawu, 0:51]
Abambo, pepani ndilankhule. Ine ndili pa Hopi Point pano. Anthu achokera kutali, ku China, ku Germany, kudzangoima n'kuyang'ana. Aliyense ali ndi poima, pali chitsulo chogwira, pali chikwangwani chomuuza zimene zinachitika. A sisi Constance akhala zaka makumi asanu ndi zitatu alibe manda, alibe ngakhale mwala woti aimepo n'kunena kuti bambo anga anakhala apa. Mwalawo mukuudziwa ndi inu nokha. Akapita ku Mzuzu, ndi bondo lanulo, mudzawatengerako liti?

Loveness 17:58
amva?

Gerishon 18:00
amva kawiri. akungopukuta nsapato ndi malaya

Gerishon 18:06
amayi ayika lichero pansi. akuti "bambo a Gerishon, zaka 44 ndagona ndi nsapato za mwini pansi pa bedi, sindinadandaule. koma mwanayu wanena zoona. mukudikira chani, mupeze mpata?"

Loveness 18:06
amayi 😭😭

Gerishon 18:07
abambo aseka pang'ono. kuseka kwa misozi kuja

Gerishon 18:19
avomera. koma akuti ajambula ena a sisi okha, aja asapite. ndikutumizira umve

Gerishon 18:24
[mawu a abambo, 1:11]
Constance, ndine bambo ako aang'ono, Zefaniya. Pepa pokusokoneza uli pa chintchito cholongeza. Mayi ako anakuuza kuti sindinapite kwa bambo ako. Ananena zoona. Uthenga anandipatsa pachigayo, ndipo anaunena bwino: ukampeze pampata. Ine ndinamva kuti ukapeza mpata. Makutu anali anga, mayi ako alibe mlandu. Ndinafika mochedwa ndi masiku atatu. Sindinamugulitse, mwana wanga, koma sindinamupeze. Malo amene anandidikira alipo, ku Mpatamanga, ndipo analembapo ndi dzanja lake. Nsapato zake zili kuno, ndi zako. Ngati ufuna, ndikakuonetsa usanapite. Ngati sufuna, sindikudandaula nawe.

Loveness 18:27
tumizani

Gerishon 18:28
yapita

Gerishon 18:41
timizere tiwiri. yafika

Gerishon 18:55
tasanduka blue. amvera

Loveness 18:56
ayankha?

Gerishon 19:10
ayi

Gerishon 19:11
abambo afunsa kuti timizere ta blue ndi chani. ndawauza. angoti "oo"

Loveness 19:30
nanga pano?

Gerishon 19:32
zii. tikudya. foni yatsala 4%, magetsi kulibe. mawa

Loveness 19:33
ok. ine ndatsika basi, malo enawo sindipitako. mtima suli pano

LACHISANU

Gerishon 06:14
ndachajitsa kwa aneba. palibe yankho

Gerishon 06:40
abambo adzuka ine ndisanadzuke. asesa bwalo okha, amayi akuti chichitikireni ukwati sanaonepo

Gerishon 07:05
atenga polishi wanga. akupaka nsapato zija

Gerishon 07:06
ukugona eti. ndikupita ku sikelo, lero ana ndi ambiri

Gerishon 11:48
ndawaimbira sisi kawiri. ikulira osayankha

Gerishon 13:20
ndabwera kudzadya. abambo akhala pampando woyang'ana kumsewu. kabaza aliyense akadutsa akukweza mutu, kenako akunamizira kuthamangitsa nkhuku

Loveness 14:37
ndadzuka. mwina tawakakamiza pachabe achimwene. akapanda kubwera ndiye tangowatsegula chilonda

Gerishon 14:40
nanenso ndikuganiza zomwezo. koma iwo akuti apepukidwa. akuti katundu wafika kwa mwini, kumasula kapena ayi zili kwa iye

Loveness 14:41
mmm

Gerishon 15:44
Love

Gerishon 15:44
kabaza waima pa mango paja

Loveness 15:44
NDANI

Gerishon 15:45
sisi Connie iwowo. ndi dengu la manachesi pamutu

Loveness 15:45
Ambuye. musazimitse data plz

Gerishon 15:51
akhala pamphasa. apereka moni kwa amayi, kwa ine. akucheza za nandolo, kuti chaka chino wabereka. abambo sakuwayang'ana

Loveness 15:52
ndani sakuyang'ana ndani

Gerishon 15:52
onse awiri kkkk

Gerishon 16:03
sisi atembenuka. "muli bwanji bambo aang'ono." abambo awomba mmanja

Gerishon 16:10
abambo abweretsa nsapato. sisi azitembenuza, aona kunsi, alowetsa dzanja mkati. akuti "anali ndi phazi lalikulu chonchi? ndiye langali ndinatengera iwo, amayi anali ndi kaphazi ka mwana"

Loveness 16:11
ndikulira mu hotelo ngati chitsiru

Gerishon 16:24
akuti akufuna akulankhule

Gerishon 16:29
[mawu a sisi Constance, 1:47]
Loveness, ndine Constance. Akuti wayambitsa ndiwe, ndi maenje ako a ku Americawo. Dzulo nditamvera ndinakwiya. Ndinati madala awa adikira amayi afe kuti adziyeretse. Foni ndinaiponya m'dengu. Koma m'mawa uno ndikulongeza ndinafika pa mtondo wa amayi, woti ndiusiye kapena ndiutenge. Ndinakhala pansi. Iwe, moyo wanga wonse amayi anga sindinawaonepo akuponda kuchigayo. Ankasinja pamtondo mpaka manja kuchita zikang'a, apo ayi ankatuma ine. Ndikafunsa ankati phokoso limawapweteka mutu. Tikakhala m'galimoto n'kudutsa pa chigayo ankatseka makutu. Ine ndinkawaseka. Zaka zonsezi ndinkayesa ndi mutu. Ndiye awa akuti makutu anali awo, amayinso ankati pakamwa panali pawo, aliyense ndi theka lake, osauzana. Ine pakati, kudana ndi munthu. Basi, ndabwera.

Loveness 16:33
sisi zikomo. zikomo kwambiri. sindikudziwa ndinene chani

Gerishon 16:35
akuti usanene kanthu, udzawabweretsere nsapato za size 9, ku Malawi za azimayi sizipezeka

Loveness 16:35
😂😭 ndamva

Gerishon 16:48
tapangana. mawa 6 koloko. ine nditenga abambo pa njinga yamoto yanga, sisi akwera ya aneba. pomwe njinga sifika tiyenda pang'onopang'ono coz bondo

Loveness 16:49
dzina lija likadalipo pamwalapo?

Gerishon 16:51
abambo akuti sadziwa, mvula zagwa zambiri. koma mwalawo akuti angaupeze ngakhale atatsinzina

Gerishon 16:57
kkkk sisi awerama pa khutu la abambo, akuwa kuti "MAWA. PA-MPA-TA. mwamva bwino bambo aang'ono?" abambo akuti "ndamva, kulibe chigayo kuno"

Gerishon 17:04
amayi atereka tiyi wina. sisi atenga lichero akuthandiza kusenda nandolo. agona konkuno

Loveness 17:05
mukafika mukandijambulire mwalawo plz

Gerishon 17:09
abambo akuti chithunzi ayi. ukapeza mpata ubwere, adzakuonetsa okha

Gerishon 17:09
achita kunena kawiri, pang'onopang'ono